Kodi chess ingadyetse mwana wa ku Mulanje?

Mu Disembala 2024, ku Singapore, mnyamata wa zaka 18 wa ku India, Gukesh Dommaraju, anagonjetsa Ding Liren wa ku China n'kukhala katswiri wa chess wa dziko lonse. Ndalama zoti awiriwa agawane zinali madola 2.5 miliyoni a ku America. Mukati muzisinthe kukhala makwacha, mutu umayamba kuzungulira. Nkhani yotere ikamveka, aliyense amene ali ndi mng'ono wake wogonjetsa aphunzitsi ake pa bolodi amayamba kudzifunsa kuti, kodi uyunso sangafike pamenepo? Ife amene tili ku koleji, kapena tangomaliza kumene ndipo tikuzungulira m'maofesi ndi envulopu ya khaki kukhwapa, funsoli limatilasa pena: ngati digiri ikuchedwa kutsegula makomo, bwanji osangotsata luso?

Maganizo anga ndi awa. Mwana wa ku Chitakale, ku Limbuli kapena ku Nkando amene ali ndi mutu wa chess tisamuletse kusewera. Koma tisamunamizenso kuti udindo wa grandmaster ndi ntchito yomwe adzadyerepo iye ndi abale ake. Kwa Mmalawi wa lero, phindu lenileni la chess lili pa makomo amene imatsegula, makamaka khomo la sukulu. Ndipo ngati tikufunadi kudzaona grandmaster woyamba wa dziko lino, katundu wolemera sali pamutu pa mwanayo. Ali pamutu pathu.

Grandmaster amapezeka bwanji?

Bungwe loyendetsa chess pa dziko lonse, FIDE, linakhazikitsidwa ku Paris mu 1924, ndipo linayamba kupereka udindo wa grandmaster mu 1950 kwa anthu 27. Kuchokera nthawi imeneyo, onse amene alandirapo udindowu ndi pafupifupi 2,000 basi. Malawi alibe ngakhale mmodzi.

Wosewera aliyense wolembetsedwa ku FIDE amakhala ndi nambala yosonyeza mphamvu zake, imene amaitcha rating. Ukafika 2200 ukhoza kukhala Candidate Master, 2300 FIDE Master, 2400 International Master, ndipo grandmaster amafunika 2500. Magnus Carlsen wa ku Norway anafika 2882 mu 2014, ndipo palibe amene anapitirirapo. Koma nambala yokha sikwanira. Wofuna kukhala grandmaster ayeneranso kupeza ma norm, kawirikawiri atatu. Norm ndi umboni woti mu mpikisano umodzi wa magemu pafupifupi 9 wasewera ngati munthu wa 2600, ndipo mwa amene wakumana nawo, atatu kapena kuposerapo ndi ma grandmaster, komanso ena ndi ochokera m'mayiko ena. Ma norm onse pamodzi ayenera kukwana magemu 27. Palinso njira ina yachidule yodzera m'kupambana mipikisano ina ikuluikulu, koma ndi ochepa amene amadutsira kumeneko.

Tsono taonani pamene pagona vuto lathu. Rating imakwera malinga ndi mphamvu ya amene wamugonjetsa. Wosewera wa 2200 akagonjetsa wa 1800 amapeza mapointi osakwana 2, koma tsiku limene wagona tulo n'kugonja, amataya oposa 18. Choncho katswiri wa kuno amene amangozungulira Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu kusewera ndi anthu omwewo, angawagonjetse chaka chonse koma nambala yake ikungokwawa ngati nkhono. Kuti akwere ayenera kukumana ndi omuposa, ndipo omuposawo ali ku Cairo, ku Budapest, ku Barcelona, ku Chennai. Apa nkhani yasanduka ya tikiti ya ndege, visa, malo ogona ndi chakudya, zonse zolipira m'madola. Tikumbuke kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ulendo umene unali wovuta kale unasanduka maloto.

Phunziro la mnansi wathu

Sitifunika kupita kutali kuti tione m'mene njira imeneyi imayendera. Amon Simutowe wa ku Zambia, amene ankamutcha Zambezi Shark, ndiye munthu woyamba wa kumwera kwa chipululu cha Sahara kukhala grandmaster. Anabadwa mu 1982, anaphunzitsidwa chess ndi mkulu wake, ndipo ali ndi zaka 14 anali atapambana kale mpikisano wa dziko lonse la Zambia. Mu 1998 anakhala International Master. Mu 2000, pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Yerevan m'dziko la Armenia, anali m'gulu la amene anafanana mapointi pa nambala yachiwiri. Amenewa anali anyamata amphamvu kwambiri pa dziko lapansi pa msinkhu wawo, ambiri a iwo ochokera kumene boma limalipira aphunzitsi a chess.

Munthu wa luso lotere mukanayembekezera kuti m'zaka ziwiri kapena zitatu akhala grandmaster. Zinamutengera zaka 11 kuchokera pamene anakhala International Master. Norm yake yomaliza anaipeza mu 2007 ku Arnhem m'dziko la Netherlands, kenako anayendayenda zaka zina ziwiri kusakasaka mapointi oti afike 2500. Udindo unabwera mu 2009.

Chimene ambiri sitichitchula ndi chimene Simutowe anachita m'zaka za pakatizo. Chess inamupezetsa sikolashipu ku University of Texas at Dallas ku America, kumene anaphunzira za chuma uku akusewerera timu ya yunivesiteyo. Pambuyo pake anakachita masters ku Oxford, pa za chuma ndi chitukuko. Munthu amene anafika pamwamba kuposa wina aliyense m'chigawo chathu chino sanaike moyo wake wonse pa mphoto za m'mipikisano. Anagwiritsa ntchito bolodi ngati mlatho, ndipo anawoloka ali ndi zonse ziwiri m'manja, udindo ndi maphunziro.

Si iye yekha. Bassem Amin wa ku Egypt, Mwafirika woyamba kudutsa rating ya 2700, ndi dokotala wophunzira bwino za chipatala. Phiona Mutesi wa ku Katwe mu mzinda wa Kampala, amene mbiri yake inasanduka filimu ya Queen of Katwe mu 2016, sanafike ngakhale pafupi ndi udindo wa grandmaster, koma chess inamutulutsa m'umphawi wadzaoneni n'kumufikitsa ku Northwest University ku America, kumene anamaliza digiri yake. Kenny Solomon, grandmaster woyamba wa ku South Africa, anakulira ku Mitchells Plain mu Cape Town, anapambana mpikisano wa Africa ku Windhoek mu 2014, koma kuti afike pamenepo anachita kusamukira ku Italy, kufupi ndi kumene kuli mipikisano yamphamvu.

Ndiye pali Robert Gwaze wa ku Zimbabwe. Pa Olympiad ya mu 2002 ku Bled m'dziko la Slovenia, anasewera magemu 9 pa bolodi yoyamba n'kupambana onse 9, ndipo anatenga mendulo ya golide pa mpikisano umene Garry Kasparov analiponso. Gwaze sanakhale grandmaster. Ndani angaimirire n'kunena kuti chimene chinasowa ndi nzeru?

Nanga ma grandmaster amadya chiyani?

Madola 2.5 miliyoni aja ndi a anthu awiri okha pa dziko lonse. Pali kagulu kochepa ka osewera a pamwamba penipeni amene amaitanidwa ku mipikisano ya ndalama zambiri, kulipiriridwa ndege ndi hotelo. Ena onsewo, mazanamazana, amapita ku mipikisano yotsegukira aliyense kumene ma grandmaster ambiri amalimbirana mphoto zochepa. Ukathera pa nambala 15, mwina mphoto yako siikwanira ngakhale kulipira chipinda chimene wagonamo masiku 9. Palibe malipiro a pamwezi, palibe penshoni, ndipo chaka chilichonse kukubwera ana a zaka 13 ndi 14 okonzekera bwino ndi makompyuta, ofuna kudya mapointi ako.

N'chifukwa chake ma grandmaster ambiri amapeza chakudya pophunzitsa ena, posewerera makalabu m'maligi a ku Ulaya monga Bundesliga ya ku Germany, polemba mabuku ndi maphunziro ogulitsa pa intaneti, kapena pothandiza osewera akuluakulu kukonzekera mipikisano. Chodabwitsa n'chakuti ena mwa amene apindula kwambiri ndi chess alibe n'komwe udindowu. Levy Rozman, wa tchanelo ya GothamChess pa YouTube imene ili ndi omutsatira mamiliyoni, ndi International Master. Tunde Onakoya wa ku Nigeria si grandmaster, koma bungwe lake la Chess in Slums Africa, limene anayambitsa mu 2018, ladziwika dziko lonse, makamaka atasewera maola 60 osapuma pa Times Square ku New York mu Epulo 2024 pofuna kupeza ndalama zophunzitsira ana. Anthu awiriwa amadyera luso lofotokoza, lophunzitsa ndi loyendetsa zinthu. Maluso amenewa amanoledwa m'kalasi.

Zimene ena angatsutse

Wina ati, koma Gukesh anasiya sukulu ali wamng'ono n'kulimbikira chess yokha, ndipo taonani pamene ali. N'zoona. Koma tiyeni tinene nkhani yonse. Bambo ake ndi dokotala wa opaleshoni ya makutu, mphuno ndi pakhosi, amene anasiya ntchito yake kuti aziyenda naye m'mipikisano, mayi ake akugwira ntchito kudyetsa banja. Mnyamatayu anakulira ku Chennai, kwawo kwa Viswanathan Anand, amene anakhala grandmaster woyamba wa India mu 1988 ndipo pambuyo pake anadzamuthandiza Gukesh yemweyo. India lero ili ndi ma grandmaster oposa 80, ndipo mu 2024 inapambana golide wa amuna ndi wa akazi pa Olympiad ya ku Budapest. Gukesh anakhala grandmaster ali ndi zaka 12 chifukwa pansi pake panali makwerero omangidwa kwa zaka 30. Mayi wothyola tiyi ku Lujeri kapena ku Lauderdale sangasiye ntchito kuti aperekeze mwana ku Budapest. Kuuza mwana wake kuti asiye sukulu ngati Gukesh ndi kumutuma kukwera Sapitwa usiku, wopanda nsapato, wopanda womutsogolera.

Wina atinso, masiku ano intaneti yafafaniza malire. Pa Lichess umasewera ulere ndi munthu wa ku Russia, ndipo pulogalamu ya Stockfish, imene imagonjetsa grandmaster aliyense, ndi yaulere. Izinso n'zoona, ndipo ndi mwayi umene Simutowe analibe ali mwana. Foni ndi bandulo zikhoza kumufikitsa mwana wa ku Muloza pamlingo umene kale unkafuna shelefu yodzaza mabuku. Koma ma norm a grandmaster sapezeka pa foni. Amapezeka pa bolodi yeniyeni, maso ndi maso, pa gemu ya maola anayi kapena asanu, woyang'anira wovomerezeka ali pomwepo. Intaneti imaphunzitsa, koma udindo umafunabe pasipoti.

Ndipo pali ena amene amabwera mbali inayo, akuti m'boma limene namondwe Freddy anagumula nyumba, milatho ndi minda mu Malichi 2023, kumene ana ena akuphunzirabe mothithikana, kukamba za chess ndi matama a anthu okhuta. Awa sindigwirizana nawo m'pang'ono pomwe. Mwa masewero onse, chess ndi imodzi mwa otsika mtengo. Siifuna bwalo, jombo kapena yunifolomu. Katoni imodzi ndi zitsekerero za mabotolo 32 zokwana. Ndipo kuganiza mozama pa bolodi si chinthu chachilendo kwa ife. Imani pa Chitakale kapena pa msika wa Limbuli muone madala a bawo m'mene amawerengera njere maenje angapo kutsogolo asanagwire n'komwe. Mutu umenewo ndi womwewo umene chess imafuna. Dziko la Armenia, losauka poyerekeza ndi mayiko ambiri a ku Ulaya, linaika chess m'maphunziro a ku pulayimale mu 2011. Sindikunena kuti chess imachititsa mwana kukhoza masamu mwamatsenga. Ndikunena kuti mwana amene waphunzira kukhala pansi ola lathunthu kuganizira vuto limodzi, kugonja, kugwirana chanza ndi womugonjetsa n'kubwerera kukaona pamene analakwitsa, waphunzira chinthu chimene chidzamuthandize ngakhale atadzasiya chess.

Makwerero amene tingamange

Sitikuyambira pa ziro. Bungwe la Chess Association of Malawi, Chessam, lakhala likutumiza matimu ku Olympiad. Tili ndi osewera a maudindo a FIDE monga Joseph Mwale, Chiletso Chipanga ndi Linda Jambo. Mu 2021 Lilongwe inalandira mpikisano wa akatswiri a Africa, umene Ahmed Adly wa ku Egypt anapambana, ndipo kumbali ya akazi anapambana ndi Jesse February wa ku South Africa. Mayi Susan Namangale, amene anatsogolerapo Chessam, akhala akufikitsa chess m'sukulu ndi m'ndende kudzera ku Dadaz Chess Academy. Maziko alipo. Chimene chikuchepa ndi masitepe a pakati, ochokera pa kalabu ya pasukulu kufika pa mpikisano wowerengedwa ndi FIDE, makamaka kwa mwana wakumudzi.

Sitepe yoyamba ili m'manja mwathu ife ophunzira. Tikatsekera, ambiri timabwerera kumudzi n'kumangodikira tsiku lotsegulira. Aliyense wodziwa kusuntha hatchi ndi bishopu atapita ku pulayimale kapena ku CDSS kumene anaphunzira, n'kupempha ahedi ola limodzi Lachitatu lililonse, holide imodzi ingasiye kalabu. Koma tisamangophunzitsa ana n'kuchoka. Tiphunzitse mphunzitsi mmodzi wa pasukulupo, chifukwa iye ndi amene amatsala. Ndipo tionetsetse kuti atsikana ali pa bolodi, osati kumangoonerera kumbuyo kwa anyamata. Sukulu ya atsikana ngati Providence ikhoza kutulutsa timu yoopsa itangopeza wowalimbikitsa.

Sitepe yachiwiri ndi mpikisano wowerengedwa ndi FIDE mu Mulanje momwemo, kamodzi pachaka. Mwana wa ku Mulanje kuti apeze rating, pamafunika thiransipoti ya ku Blantyre, malo ogona ndi chakudya cha masiku angapo, ndipo makolo ambiri sangakwanitse. Bwanji mpikisano ndiwo ubwere? Boma lino likudziwa kale kulandira alendo. Chaka ndi chaka kumachitika Porters Race, ndipo mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Malo ogona alendo alipo, maholo alipo. Makampani a tiyi amene akhala m'munsi mwa phirili kwa zaka zoposa 100, ndipo ana a antchito awo ndi amene adzaze mabolodiwo, angathe kulipira mpikisano wotere popanda kumva kuwawa. Palinso mwayi umene maboma ambiri alibe: malire a Muloza. Kutsidya kwake ndi Milange, m'dziko la Mozambique. Wosewera wochokera kumeneko, m'maso mwa FIDE, ndi wa dziko lina.

Sitepe yachitatu ndi ya mayunivesite. Chimene chinapulumutsa luso la Simutowe ndi yunivesite imene inati, bwera udzatisewerere, fizi tikulipirira. Kuno UNIMA, MUBAS, MUST, LUANAR, Mzuni ndi KUHeS, komanso mayunivesite omwe si aboma, angathe kuyamba ndi malo awiri kapena atatu pachaka a ophunzira amene akhoza bwino MSCE ndiponso ndi akatswiri pa chess. MUST ili ku Thyolo, pakhomo penipeni pa Mulanje. Tsiku limene kholo lidzamve kuti mwana wa uje akuphunzira ulere chifukwa cha chess, mawu akuti "siya zibwanazo ukawerenge" adzachepa okha. Ndipo mwanayo adzadziwa kuti bolodi ndi buku zimayendera limodzi, chifukwa popanda mapointi abwino a MSCE malowo sawapeza.

Sitepe yachinayi ndi ya amene amagwira thumba la masewero. Ndalama zochepa zimene zilipo zikangothera pa kutumiza munthu mmodzi kunja kamodzi pachaka, phindu limakhala la munthu mmodziyo. Mpikisano wa anthu 10, aliyense kusewera ndi mnzake aliyense, umakwana magemu 9, ndendende amene norm imafuna. Kuitana osewera a maudindo ochokera ku Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Egypt kudzasewera kuno kungapatse Amalawi anayi kapena asanu mwayi nthawi imodzi, ana a sukulu akuonerera. Tiyambe ndi ma norm a International Master. Zambia ili ndi ma International Master angapo, ndipo Lusaka ndi ulendo wa pa basi.

Kwa iwe amene uli ndi mutuwo

Ngati ukuwerenga izi ndipo ndiwe amene umagonjetsa hositelo yonse, usakhumudwe ndi masamu ndawerengerawa. Sewera mwamphamvu. Lembetsa ku Chessam, peza rating, lemba magemu ako onse n'kumawasanthula, makamaka amene wagonja. Funafuna omwe amakuposa, ngakhale kugonja kukuwawa. Dziikire cholinga chimene ungachione ndi maso, 1800, kenako 2000, kenako Candidate Master. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Koma digiriyo uimalize, ndipo uimalize bwino, chifukwa ndi imene idzakugulire tikiti ya ku mpikisano pamene wothandiza wasowa. Uphunzirenso kuphunzitsa, popeza makolo a m'tauni ayamba kulipira aphunzitsi a chess a ana awo, ndipo ndalama ya chess imene ili pafupi ndi Mmalawi lero ndi imeneyo.

Amene ali ndi zaka 22 ndipo rating yake ndi 1900, mwachidziwikire sadzakhala grandmaster, pakuti ambiri a masiku ano amafika pa udindowu asanakwanitse zaka 20 kapena atangozipitirira pang'ono. Kunena zimenezi si kunyoza. Munthu yemweyo akhoza kukhala mphunzitsi woyamba wa mwana wa zaka 7 wa ku Likhubula, woyang'anira mipikisano wovomerezeka ndi FIDE, kapena akauntanti wa pa esiteti amene adzakakamize mabwana ake kusainira cheke cha mpikisano wa mu Mulanje. Simutowe anayamba chifukwa mkulu wake anamukhazika pansi n'kumuonetsa m'mene zidutswa zimayendera. Grandmaster woyamba wa Malawi, ngati adzapezeke, panopa mwina ali sitandade 2, ndipo sanaonepo bolodi. Holide ikubwerayi, wina wa ife amutengere.